Nsaru za Thupi la Zomera ndi Nyama m'Mbiri ya Chigwa cha Makhanga

Makhanga ndi dera la m'boma la Nsanje, m'dziko la Mfumu Mlolo, tsidya la kum'mawa kwa Shire, pafupi ndi pamene mtsinje wa Ruo uthira madzi ache m'Shiremo. Olemba mbiri ya chigwa chimenechi asimba kawirikawiri za mafumu, za nkhondo, za njanji ndi za madzi osefukira. Koma mbiri yomweyo ingathe kuwerengedwa mwa njira ina. Zinthu zimene zinakokera alendo m'chigwamo, zimene zinawapha, ndi zimene zinalemeretsa kapena kusautsa eni dziko, zambiri mwa izo zinali tizigawo ta thupi la chomera kapena la nyama: ubweya wa pa njere ya thonje, dzino la njobvu, khungwa la mtengo, mwazi wa munthu. Chotero phunziro la tizigawo timeneti, limene ophunzira ambiri aliyesa la m'mabuku achilendo okha, lipezeka pakati penipeni pa mbiri ya chigwacho.

CHIYAMBI CHA PHUNZIROLI

Thupi la chamoyo limangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene lero titchedwa maselo. Tizipinda tofanana maonekedwe, tokhala pamodzi ndi kugwira nchito imodzi, akatswiri atitcha tissue. Dzinali linachokera ku Chifalansa, ndipo tanthauzo lache loyamba ndilo nsaru yoomba. Chifukwa chache m'nkhani ino chinthucho chitchedwa nsaru ya thupi.

Nzeru imeneyi inadza pang'onopang'ono. M'chaka cha 1661 Marcello Malpighi wa ku Italy, poyang'ana mapapu a chule ndi magalasi okuza zinthu, anaona timitsempha tating'ono tolumikiza mitsempha yochotsa mwazi kumtima ndi ija youbwezera komweko. M'chaka cha 1665 Robert Hooke wa ku England anasenga kachidutswa kopyapyala ka khungwa la mtengo, napeza kuti kali ndi tizipinda tonga ta m'chisa cha njuchi. Nehemiah Grew, m'buku lache la 1682 lonena za m'kati mwa zomera, anafanizira thupi la chomera ndi nsaru ya ulusi wopingasana. Patapita zaka zoposa zana limodzi, dotolo wa ku France, Xavier Bichat, anagawa thupi la munthu m'mitundu 21 ya nsaru. Iyeyu sanakhulupirire magalasi a masiku ache. Anagwira nchito ndi mpeni, napenyetsetsa chimene chichitika nyama ikaphikidwa, ikaumitsidwa kapena ikabviikidwa m'madzi. Ndiye anaphunzitsa kuti nthenda siigwira chiwalo chonse nthawi imodzi, koma iyambira m'nsaru imodzi ya chiwalocho. Anamwalira mu 1802 ali ndi zaka 30 zokha. Pambuyo pache Ajeremani awiri, Matthias Schleiden mu 1838 ndi Theodor Schwann mu 1839, anaonetsa kuti zomera ndi nyama zomwe zimangidwa ndi tizipinda. Ndipo mu 1858 Carl Nägeli wa ku Switzerland anapereka maina amene ali m'mabuku a sukulu kufikira lero: meristem, xylem ndi phloem.

Mitundu 21 ya Bichat inasonkhanitsidwa pambuyo pache m'mabanja anai. Banja loyamba ndilo nsaru zophimba, monga kunja kwa khungu ndi m'kati mwa kamwa ndi matumbo, zimene zichinjiriza thupi, zilandira chakudya ndi kutulutsa madzi onga thukuta ndi malobvu. Lachiwiri ndilo nsaru zolumikiza ndi kuchirikiza: pfupa, chicherewecherewe, mafuta, nsinga, ndi mwazi womwe. Lachitatu ndilo minofu, imene ifupika ndi kutambasuka kuti miyendo iyende, mtima ugunde, ndi chakudya chitsike m'matumbo. Lachinai ndilo bongo ndi mitsempha yonyamula uthenga.

Zomera nazo ziri ndi mabanja ao. Meristem ndiyo nsaru yokula, yopezeka ku nsonga za mizu ndi nthambi, ndiponso pakati pa khungwa ndi thupi louma la mtengo; ndiyo mayi wa nsaru zina zonse. Pali nsaru yophimba kunja. Pali nsaru yodzaza m'kati, imene ipanga chakudya m'masamba ndi kuchisunga m'mizu, m'mapesi ndi m'zipatso. Ndipo pali nsaru ziwiri zonyamula, xylem yokweza madzi ndi mchere wa m'nthaka kuchokera ku mizu, ndi phloem yotenga chakudya chotsekemera kuchokera ku masamba kunka ku ziwalo zonse.

ZIMENE AMANG'ANJA ANADZIWA NDI MANJA

M'chaka chomwecho cha 1858 ulendo wa David Livingstone unafika pa mathiriro a Zambezi, ndipo mu January 1859 sitima yache, Ma Robert, inalowa m'Shire. Pamodzi naye panali John Kirk, dotolo wodziwa za zomera. Alendowa anapeza Amang'anja alinkulima thonje manga, lochokera kunja, ndi thonje kaja, la dziko lomwelo. Thonje kaja linali la ubweya waufupi, komabe ambiri analikonda pakuti nsaru yache inali yolimba. Amuna anali kupota ulusi ndi kuomba nsaru zotchedwa machila, zimene zinali kugulidwa ndi anthu akutali.

Oombawo sakadatha kuona kuti kaubweya kali konse ka thonje ndi kachipinda kamodzi kokha ka nsaru yophimba njere. Kayamba kutuluka pa khungu la njere tsiku limene duwa limasula, nikatalika kwa masabata ngati atatu kufikira msinkhu wa inchi imodzi kapena kupitirira pang'ono. Kutalika kukatha, khoma lache liyamba kunenepa m'kati tsiku ndi tsiku. Chipatso chikang'ambika, kaubweyako kauma, kaphwatalala, nikapotoka, ndipo kupotoka kumeneku ndiko kuchititsa kuti kagwirane ndi anzache pamene wopota azunguza ulusi. Dzuwa likakula m'masabata oyamba ubweya ukhala waufupi. Likakula m'masabata otsiriza ukhala wosakhwima ndi woduka msanga. Zala za wopota wa mu 1859 zinadziwa kusiyanitsa ubweya wabwino ndi woipa, ngakhale chifukwa chache chinali chobisika.

Momwemonso ndi luzi. Munthu wofuna chingwe sasamala khungwa lakunja louma, koma asenda lam'kati lofewa, ndipo m'menemo ndimo muli phloem pamodzi ndi ulusi wolimba woichirikiza. Wotsegula munda anadziwa kuti mtengo ukasendedwa khungwa kuzungulira thunthu lonse uuma ngakhale sunadulidwe. Masamba akhala obiriwira kanthawi, popeza madzi akali kukwera m'xylem imene nkhwangwa sinaikhudze. Koma njira ya chakudya yaduka, mizu ifa ndi njala, ndipo mtengo utsatira. Mlambe uli ndi mphamvu yodabwitsa yomeretsanso khungwa pamene asenda, ndipo chifukwa chache anthu abwerera ku mtengo womwewo kukasenda luzi zaka ndi zaka. Ogoma uchema nawo anadziwa kuti madzi otsekemera a mgwalangwa asonkhana ku nsonga, ndi kuti thunthu losengedwa nsonga mopitiriza silikhalanso ndi moyo. Pakuti thunthu la mgwalangwa likulira pa nsonga imodzi yokha, ndipo meristem ya pamenepo ikatha palibe ina yolowa m'malo.

Pa nyama nzeru inali yomweyo. Wosema uta anasankha nsinga, osati mnofu, pakuti nsinga ndi mtolo wa ulusi wogona mbali imodzi, wolengedwa kuti ukoke pfupa osaduka. Wokunga ng'oma anapala ubweya wa pa chikopa, natsala ndi gawo lokhuthala la ulusi wopingasana, limene likauma lilimba ndi kulira. Onsewa anali kusiyanitsa nsaru za thupi mwa njira zosasiyana kwenikweni ndi za Bichat.

MNYANGA NDI MWAZI

Kumpoto kwa Makhanga kuli dambo lalikulu limene Livingstone analitcha Elephant Marsh, atawerenga njobvu ngati 800 m'menemo. Mnyanga ndi dzino lam'mwamba lakutsogolo limene likula moyo wonse wa njobvu. Tsinde lache ndi lobooka m'kati, lodzala ndi nyama yofewa ya mitsempha ya mwazi ndi ya uthenga, ndipo tizipinda ta m'mphepete mwa nyama imeneyi ndito tiwonjezera thupi lolimba la mnyanga chaka ndi chaka. Thupi limeneli ndi la banja la nsaru zolumikiza. Lisemeka bwino osanyenyeka, ndipo ku Ulaya ndi ku America analifuna popanga zigwiriro za mipeni, zipeso ndi makiyi a piyano. Popeza tsinde la mnyanga liri m'kati mwa chigaza, wofuna mnyanga wathunthu anayenera kupha njobvu. Malonda ameneŵa analowetsa mfuti m'chigwamo, nalimbitsa ufumu wa Amakololo amene anatsalira pambuyo pa ulendo wa Livingstone. Mmodzi wa mafumu ao, Chipatula, amene mphamvu yache inafika ku Chiromo, anaphedwa mu 1884 ndi Mzungu wamalonda, George Fenwick, pa mkangano wa minyanga. Lero dambolo likali ndi dzina la njobvu, koma njobvuzo mulibe.

Pamene dzino la njobvu linakokera alendo m'chigwamo, nthenda ya m'mwazi inali kuwabweza. Mu January 1862 Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya U.M.C.A. anatsika kuchokera ku Magomero kukakomana ndi Livingstone pa mathiriro a Ruo. Panjira bwato linagubuduzika, mankhwala namira, kwinini pamodzi nao. Bishopuyo anadwala malungo pa chisumbu cha pa mathiriropo, namwalira pa 31 January 1862. Mnzache, Henry Burrup, atamuika m'manda, anabwerera ku Magomero nafa iyenso patapita masabata owerengeka. Kwinini amene anamirayo achokera m'khungwa la mtengo wa cinchona wa ku mapiri a Andes ku South America, ndipo anapatulidwa koyamba m'khungwamo mu 1820. Motero moyo wa anthu awa unapachikika pa nsaru ya chomera cha kutsidya la nyanja.

Masiku amenewo malungo anayesedwa obadwa mu mpweya woipa wa m'madambo. Choonadi chinaoneka pokhapokha anthu atayang'ana m'nsaru za thupi. Mu 1880 Alphonse Laveran, dotolo wa ku France wogwira nchito ku Algeria, anaona kachirombo ka malungo m'tizipinda tofiira ta mwazi. Mu 1897 Ronald Ross, ali ku India, anakapeza pa khoma la chifu cha udzudzu. Mu 1948 H. E. Shortt ndi P. C. C. Garnham anaonetsa kuti kachiromboko kayamba kabisala ndi kuswana m'chiwindi kasanalowe m'mwazi. Tizipinda tofiira tikaphulika ndi tizirombo tochuruka, wodwala anjenjemera natentha thupi. Tikatha tambiri, asowa mwazi. Tikakakamira m'timitsempha ta m'bongo, akomoka. Mau a Bichat anatsimikizika: nthenda isankha nsaru yache.

THONJE LA MALONDA

Nsaru za machila zinagonja kwa nsaru za m'makina zochokera kunja, koma thonje linabwerera m'chigwamo ndi nkhope ina. Eni makina a ku Lancashire anakhazikitsa British Cotton Growing Association mu 1902 kuti apeze thonje m'maiko a ufumu wa Britain, ndipo mu 1921 panabadwa Empire Cotton Growing Corporation yoyang'anira kafukufuku. Njanji yochokera ku Port Herald, amene tsopano ndi Nsanje, inadutsa pa Chiromo nifika ku Blantyre mu 1908. Chigwa cha Shire chinasanduka dera lalikulu la thonje la alimi a m'midzi mu Nyasaland, ndipo ambiri anapeza ndalama za msonkho mwa njira imeneyi. Mtengo umene mlimi analandira pa msika unatsata kuyera kwa ubweya wache, ndipo mtengo wa ku Lancashire unatsata kutalika ndi kukhwima kwa kachipinda kamodzi kaja.

Adani a thonje anali kudya nsaru zosiyanasiyana. Majasidi, tizirombo ting'onoting'ono tobiriwira, aboola kunsi kwa tsamba ndi kuyamwa madzi, naononga njira za chakudya, kotero kuti tsamba lipindika m'mphepete ndi kufiira. Chithandizo chinapezeka pa khungu la tsamba lomwelo. M'zaka za m'ma 1920 F. R. Parnell, ku Barberton m'South Africa, anasankha mtundu wa thonje wotchedwa U4, wa masamba aubweya wambiri umene majasidi sakondwera nao. Ndipo mbeu zochokera ku mtundu umenewu zinafalikira kufikira ku Nyasaland. Tizirombo tina tofiira ta mawanga akuda, timene tiswana pa njere za mlambe ndi mitengo ina, tiboola chipatso chanthete kufuna njere, nitisiyamo nguwi imene idetsa ubweya. Mbozi yofiira ilowa m'chipatso ndi kudya njere zanthete, ndiko kuti gwero lenileni la ubweya. Ndipo pofuna kuimana chakudya boma linaika lamulo lozula ndi kutentha mapesi a thonje pakutha pa kukolola, lamulo limene alimi ambiri anadana nalo. Panalinso nthenda yodetsa masamba ndi nthambi, imene tizirombo tache tilowa pa tizibowo topumira ta tsamba ndi kutsata mitsempha yache. Polimbana nayo anadza ndi mtundu wa Albar, umene makolo ache anali thonje la ku Nigeria lotchedwa Allen, ndipo Albar 637 analimidwa m'Malawi m'zaka za m'ma 1960.

Boma la atsamunda linatsegula munda woyeseramo mbeu ku Makhanga, m'mene mitundu ya thonje ndi njira zogonjetsera tizirombo zinayesedwa m'kutentha kwenikweni kwa chigwacho. Mu 1967 kafukufuku wa thonje anapatsidwa likulu latsopano ku Makoka, pafupi ndi Zomba, ndipo mitundu ina ya thonje inatenga dzina la malowo.

MIZU NDI MADZI

Chimene chinagwetsa thonje la m'chigwa koposa tizirombo chinali madzi. Alimi anali kubzala thonje m'madimba madzi a dzinja ataphwa, ndipo mizu inali kutsata chinyontho cha m'nthaka m'miyezi yopanda mvula. Koma madzi a m'nyanja ya Malawi anakwera, ndipo kuyambira mu 1935 Shire anayamba kuyenda mwamphamvu kuposa zaka makumi awiri zapitazo. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 madimba ambiri anali atamira. Wolemba mbiri Elias Mandala, m'buku lache la 1990 lonena za chigwachi, anafotokoza m'mene kumira kumeneku kunasinthira ulimi ndi moyo wa mabanja: thonje linasamukira ku minda ya mphala yodalira mvula, zokolola zinachepa, ndipo amuna ambiri ananka kunja kukafuna nchito.

Chifukwa chache chiri m'nsaru za muzu. Pafupi ndi nsonga ya muzu, tizipinda ta pa khungu titurutsa tiubweya tosaoneka bwino timene timwa madzi. Tizipinda timeneti ndi tamoyo, ndipo tifuna mpweya wa m'mipata ya nthaka. Madzi akadzaza mipatayo masiku angapo, muzu ubanika, nuleka kumwa. Ndipo thonje kapena chimanga chifota chiri chiimire m'madzi. Bango, mpunga ndi nyika sizitero, pakuti nsaru yao yam'kati iri ndi mipata yaikulu yotsitsa mpweya kuchokera ku masamba kufikira ku mizu. Nyika isunganso chakudya m'zikhawo zache pansi pa matope, ndipo m'zaka za njala anthu a ku Nsanje ndi Chikwawa akhala akuzitola m'madambo, ngakhale ng'ona zapha ena pa nchitoyo. Madzi amene anakokolola njira ya njanji pa Chiromo mu 1997, amene anamiza Makhanga mu January 2015, ndi a namondwe Freddy mu March 2023, anabwereza phunziro lomwelo m'minda: chomera chipulumuka kapena kufa monga mwa mamangidwe a nsaru zache.

ZOTSALIRA MPHUNZITSI

Mphunzitsi wa sukulu ya kumudzi kawirikawiri alibe magalasi okuza zinthu, koma mbiri iyi ionetsa kuti phunziroli linayamba ndi mpeni ndi maso. Phesi laliwisi la chimanga kapena mapira likaimikidwa usiku m'madzi a inki, m'mawa mwache timadontho ta inki tioneka pa malo odulidwa, ndipo timeneto ndi njira za xylem. Mwana wotafuna nzimbe ameza madzi a nsaru yosunga chakudya, nalabvula zotsala za nsaru zonyamula ndi zochirikiza. Njere imodzi ya thonje ikwanira kuphunzitsa nsaru yophimba. Mbuzi ikaphedwa pamudzi, mabanja onse anai agona poyera: khungu, nsinga ndi mafupa, mnofu, ndi bongo.

Chinenero cha ana chiri ndi chuma choyambirapo. Khungu ndi khungwa ndi mau apachibale, monga momwe nchito zao ziri zapachibale. Luzi, nsinga, mnofu ndi chicherewecherewe ndi maina amene mwana abwera nao kuchokera kwao. Koma mphunzitsi ayenera kudziwanso pamene mau a kumudzi alekeza. Liu limodzi lakuti mtsempha litchula zinthu zitatu zosiyana: njira ya mwazi, chingwe chomanga mnofu ku pfupa, ndi ulusi wonyamula uthenga ku bongo. Mwana wosauzidwa kusiyana kwache sadzamvetsa chifukwa chache mwendo wa wodwala poliyo ufota ngakhale mwazi ukali kuyendamo. Ndipo palibe liu lakale limene likadaulula kachirombo kobisala m'chiwindi. Pamenepo nzeru ya magalasi iyenera kulandiridwa monga iri.

Akulu anati kuongola mtengo mpoyamba, ndipo mwambiwu ndi woona ngakhale m'thupi la mtengo: mphukira ipindika chifukwa makoma a tizipinda tache akali ofewa, koma xylem ikakhwima mtengo usunga mapindikidwe ache kufikira tsiku logwa. Ana a ku Makhanga akula m'dziko limene ndalama za banja, njala ya mwezi wa February ndi malungo a mng'ono wao zonse zichokera ku zinthu zimene phunziroli lifotokoza. Akaliphunzira monga mndandanda wa maina achilendo, adzaliiwala mayeso akatha. Akaliphunzira ndi njere ya thonje m'manja, adzadziwa chifukwa chache munda wina umira nufa pamene wina uchira, ndipo adzatha kufunsa mlangizi ndi dotolo mafunso oyenera.